Matumba a Loweruka Masana

Lolemba, 18 Ogasiti

Lemba monga ndikuneneramu, chemwali, osathira mchere. Iwe ndiwe udapita patali ndi sukulu. Ine ndidalekera pomwe munthu amatha kulemba dzina lake ndi kuwerenga chikwangwani cha basi. Malemu akazi anga ankalemba za tsiku lililonse, ndipo kope lawo latsala ndi masamba ambiri oyera. Ndati asadyedwe ndi mphemvu.

Chiwaikire m'manda mayi a mnyamata, sindikumva kanthu. Anthu akabwera kudzapepesa ndimayankha bwinobwino. Ndimadya, ndimasamba, ndimameta ndevu. Ndili ngati mwendo wochita dzanzi, ukautsina umangoona ndi maso kuti wautsina.

Choti ndinene lero n'cha mwana wanga. Ndili naye mmodzi yekha. Ali ndi malo osokera zovala, chinyumba chachitali cha malata chodzaza makina, ndipo amasoka mayunifolomu a ana asukulu. Pageti pake adakhoma chikwangwani chakuti LAMULUNGU SITIGWIRA NTCHITO. Adachikhoma chifukwa cha ine. Ine ndidakalambira m'chipinda chositira zovala pahotela, ndipo zaka zonsezo Misa ndinkangoimvera belu, simbi ili m'manja. Iye ankapita kutchalitchi ndi mayi ake, bambo kulibe. Tsiku lomwe ankagula makina ake oyamba adandiuza kuti, "Bambo, wantchito wanga sadzamvera belu patali ngati inu." Mawu amenewo ulembe bwinobwino.

Ansembe amupempha kuti Lamulungu la pa 31, ikatha Misa yachiwiri, akalankhule m'holo kwa onse ochita bizinesi, za zomwe Mpingo umaphunzitsa kwa munthu wolemba anzake ntchito. Wandigulira jekete lakuda kuti ndikakhale kutsogolo. Chemwali amamutcha a Kadinala, akuti sangamalize kapu ya tiyi osatchulapo kalata ya apapa. Zimenezo n'zonena za iye, si zanga.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Mphakati, msonkhano wa akhristu a m'dera lathu, unali kwa a wapampando. Kolona, mawu a Mulungu, kenako nkhani. Katekisiti akufuna mayina a ana obatizidwa mwezi wamawa, ndipo dzina limapita pokhapokha mphakati utavomereza kuti makolo amapemphera.

Dzina limodzi lavuta, la kamwana ka Alito. Ameneyu ndi mayi wachitsikana wa m'dera lathu lino, timamutcha choncho chifukwa cha mawu a alito omwe ankaimba m'kwaya. Malemu ndiwo adamupezera ntchito kwa mwana wanga, yosoka mabatani. A wapampando akuti chiyambire ntchitoyo, mayiyu kutchalitchi amaoneka ngati kadamsana. Wina kumbuyo anati ndalama ikalowera pakhomo, kolona imatulukira pawindo. Anthu anaseka.

Ine ndinaimirira. Ndinati munthu ameneyu alibe chowiringula. Ena angati abwana adatikaniza, koma iye amagwira ntchito pamalo pomwe geti limatsekedwa Lamulungu. Ndinati ngati mayi sapemphera, mwanayo adikire. Mawu anangotuluka okha ngati madzi a pampopi, ndipo ndinamva kuti ndikulankhula mokweza.

Mayi wina wakale wa m'kwaya anati tisafulumire. Akuti mwamuna wa Alito ndi wa mpingo wina, ndipo apongozi ake akungodikira kuti ife tikane, atengere mwanayo kwao.

A wapampando anati, "Ndiye inuyo agogo, poti adamulowetsa ntchito ndi akunyumba kwanu, kamuoneni Lamulungu lino. Chomwe mudzatiuze ndi chomwe titsate. Mayina ndikupereka pa 31."

Ndinavomera.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Palibe. Ndayesa jekete, manja ake ndi aatali. Chemwali akuti andipindira.

Loweruka, 23 Ogasiti

Ndinapita kukaona mwana wanga kuntchito. Ndimakonda kulowamo. Phokoso la makina limakudzaza m'mutu osasiya malo a china. Fungo la nsalu yatsopano, tiulusi tomatirira kunsapato. Sukulu zatsala pang'ono kutsegulira, choncho malaya oyera aunjikana mpaka pawindo. Aliyense, "Mwaswera bwanji, agogo?" koma maso ali pa singano.

Pamalopo pali chipinda cha amayi oyamwitsa. Masana amadya osalipira. Wina akadwala, galimoto ya kampani imamutengera kuchipatala. Pakhoma pali chithunzi cha Yosefe Woyera ali pa ukalipentala wake. Ndikunena izi kuti zidziwike.

Loweruka amaweruka masana. Kapitawo anaimba kabelu, makina anazima, onse anaimirira pomwe anali. Mwana wanga anatsogolera pemphero, kenako anati, "Wantchito si singano yoti ikathyoka uitaye n'kutenga ina. Pitani mukapumule, mawa ndi la Ambuye." Amalankhula ngati mayi ake, mosathamanga.

Potuluka, amayi ena anasenza matumba akuluakulu amizeremizere, aja amaikamo katundu amalonda. Alito nayenso, mwana kumbuyo, thumba pamutu. Atandiona anangokweza dzanja n'kufulumira. Ndinafunsa mlonda kuti m'matumbamo muli chiyani. Anati, "N'za amayiwo, agogo," n'kuyamba kulimbana ndi loko. Ndinaganiza kuti ndi zidutswa za nsalu zomwe mwana wanga amawapatsa kuti akasokere ana awo. Ndinati mumtima, ameneyu tidamulera.

Lamulungu, 24 Ogasiti

Misa yoyamba. Pabenchi pathu, pomwe ankakhala malemu, pakhala munthu wina. Ndinamusunthira pang'ono. Alito kunalibe.

Nditatuluka ndinalunjika kwake. Ndi chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa galaja. Ndinaodira kawiri, anachedwa kutsegula.

Malaya oyera paliponse. Pabedi, pampando, pachingwe chodutsa pakati pa chipinda, pamwamba pa ndowa. Mbale yodyera yodzaza mabatani. Mwana wagonekedwa m'beseni loyalamo nsalu, poti pabedi palibe malo. Pakolala ya malaya alionse pali kansalu ka dzina la kampani ya mwana wanga. Limenelo ndimaliwerenga ndekha.

Mawu ndinali nditakonza m'njira monse, ndipo ndinawanena ndithu, poti anali okonzakonza. "Mayi, mphakati wandituma. Bwanji simuoneka ku Misa?"

Anachotsa singano pamlomo. "Khalani kaye, agogo. Dikirani ndichotse awa, ndi ositasita."

Anandifotokozera akusoka. Nyengo ya oda, Loweruka lililonse, a mabatani amapatsidwa thumba. Kusoka mabatani, kudula tiulusi totsala, kusita, kupinda. Lolemba m'mawa thumba libwerere lathunthu. Akuti akangopita ku Misa, ulendo ndi kubwerera, dzuwa lapendeka, ndiye magetsi nawo sadziwika.

Ndinati, "Amakukakamizani?"

"Ayi. Amafunsa bwinobwino kuti ndani akufuna thumba. Amalipiranso. Kungoti amene safuna thumba, oda ikatha saitanidwanso. Palibe amanena. Timangoona pampando pake pakhala wina."

"Mwana wanga akudziwa?"

"Abwana ndi munthu wabwino, agogo. Nditachira mwanayu adandisungira malo miyezi yonse ija."

Funso langa sanayankhe, inenso sindinabwereze.

Ndikunyamuka anandigwira dzanja. "Chonde musakanene kumphakati. Zikamveka kuti zatulukira kwa ine, ndathera pomwepo. Mukangoti ndine waulesi."

"Nanga uyu?"

Anayang'ana m'beseni muja. "Apongozi agula kale kansalu koyera, akuti kwao safunsa mafunso. Ine ndimafuna abatizidwe pomwe ndidabatizidwira ine. Koma madzi a ubatizo sadyedwa, agogo."

Ndinabwerera wapansi. Panjira ndinagula machesi, ngakhale m'nyumba muno alimo.

Lolemba, 25 Ogasiti

Chemwali akufunsa ngati ndakwiya. Ndafufuza m'chifuwamu, sindinapezemo. Ndatsuka makapu.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Ndinapita nthawi ya chakudya chamasana, mwana wanga atachoka. Ndinkafuna kapitawo. Ndi mayi wachikulire, wolankhula mosazungulira, tepi yoyezera ili m'khosi pamodzi ndi medulo. Ndinamupeza akudya choimirira pafupi ndi tebulo lodulira nsalu. Dzina la munthu sindinatchule. Ndinangoti matumba ndawaona.

Anati, "Agogo, oda ili ndi tsiku lake. Makina ndi omwewa, manja ndi omwewa, ndiye pamasiku abwana adachotsapo limodzi. Ine nditani? Lamulungu lija silidafe ayi, lidangosamukira kumakomo."

Ndinafunsa kuti adayambitsa ndani.

"Ndine. Chaka choyamba tidachedwa, sukulu ina yaikulu idatithawa, tidachotsa anthu. Abwana adadwala nazo. Chaka chotsatira ndidawauza kuti ndapeza njira. Adati, geti lisatsegulidwe. Ndidati silitsegulidwa. Sadafunsenso, inenso sindidawonjezere."

"Amene wakana thumba?"

"Inu mukadakhala ine, nyengo ya oda mukadaitana ndani? Wothandiza kapena wokana?"

"Inuyo mumatengako?"

Anaseka mpaka kutsamwa. "Ine? Ndine wa m'komiti ya amayi, ndingajombe bwanji ku Misa?" Kenako anasiya kuseka, anapukuta m'manja pa epuloni, n'kuti ndipereke moni kwa chemwali.

Lachinayi, 28 Ogasiti

Mwana wanga anabwera madzulo ndi mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi ndi buledi. Saiwala. Anaona kuti mpopi wakukhitchini ukudontha, anavula wotchi n'kukonza yekha. Kenako anatulutsa mapepala kuti atiwerengere zokalankhula zija.

N'zabwino, ndisaname. Akuti phindu si tchimo, koma likhale kumbuyo kwa munthu, lisamutsogolere. Akuti malipiro oyenera ndi omwe munthu angadyetse nawo banja lake osapita kukapempha mchere kwa aneba. Akuti kampani ndi anthu osonkhana, si makina osonkhana, ndipo ukagula maola a munthu sunagule munthuyo. Akuti kupumula si mphatso ya bwana, n'kwa wantchito kale. Pakati pake pali nkhani yanga ya simbi ndi belu, ndipo pamenepo akufuna ndikaimirire kuti anthu andione.

Chemwali anati, "Zakoma, a Kadinala. Chatsala n'chipewa chofiira."

Ine ndinati, "Matumba amene amatuluka Loweruka aja mumakhala chiyani?"

Anapinda mapepala pakati. "Ndi ntchito yapadera, bambo. Ya ofuna okha. Ndipo ndimalipira kuposa ena onse."

"Amaigwira liti?"

"Nthawi yawo. Ine sindilowa m'nyumba za anthu."

"Pakati pa Loweruka masana ndi Lolemba m'mawa pali tsiku lanji?"

Anasisita pamphumi. Kenako analankhula motsitsa, ngati akufotokozera munthu wodwala. Akuti amene akupikisana nawo amatsegula sabata yonse. Akuti mphunzitsi wamkulu safunsa kuti malayawa adasokedwa tsiku lanji, amafunsa mtengo ndi tsiku lofika. "Ndikachedwa, oda ipita. Oda ikapita, amayi onse aja apumula Lamulungu, Lolemba, mpaka Loweruka, ana akulira njala. Ndi zomwe mukufuna? Ndasenza mabanja, bambo. Ansembe amalalikira bwino, koma sanalipirepo magetsi a makina."

Nazonso n'zoona. Ndinangoti, "Bwana wanga wa kuhotela uja ankatinamiza zambiri, koma sadatiuzepo kuti tikupumula."

Anandiyang'ana. "Wadandaula ndani?"

"Palibe. Ndili ndi maso."

"Tidzakambirana sukulu zikatsegulira. Lamulungu ndibwera kudzakutengani, muvale jekete lija."

Anavala wotchi n'kumapita. Mpopi wasiya kudontha.

Lachisanu, 29 Ogasiti

A wapampando anafika m'mawa, ali paulendo wa kuntchito, sanafune n'kukhala komwe.

"Agogo, mwamupeza?"

"Ndamupeza."

"Akudwala?"

"Ayi."

"Waleka chikhristu?"

"Ayi."

"Nanga?"

Ndinayang'ana nsapato zawo. Chemwali ali kukhitchini anati, "Mungoti amadwala mutu, achimwene. Mutu palibe amauona." A wapampando anachita ngati sanamve.

Ine sindinama pankhani ya sakramenti. Koma zoona zake zichotsa mayi uja ntchito, ndi kuvula mwana wanga pagulu tsiku lomwelo akukaima kutsogolo.

A wapampando ndi munthu wa mtima. Anati, "Chabwino, sindikuumirizani. Angooneka mkuja pa Misa yachiwiri, mwanayo ali kumsana, anthu amuone ndi maso, ndilemba dzina. Akapanda kubwera, mawu omwe atsale patebulo ndi anu aja a Lachitatu."

Atapita, chemwali anati ndili ndi khosi louma ngati la malemu bambo athu. Lembanso zimenezo ngati ukufuna.

Loweruka, 30 Ogasiti

Ndinafika makina atazima kale, pemphero litatha. Mwana wanga anali atatuluka kukasiya katundu. Kapitawo anali pakhomo akugawa matumba, amayi ali pamzere.

Ndinati, "La Alito mundipatse ine."

"Agogo, mukuseka?"

"Akuti ndi la ofuna okha. Ine ndikufuna."

Kapitawo anayang'ana kuofesi, kunalibe munthu. Alito anandikokera pambali. Akuti nanga Lolemba likapanda kubwera lathunthu? Ndinamuuza kuti libwera, ndidasita malaya iye asanabadwe. Ndinamuuza kuti mawa Misa yachiwiri, akakhale pomwe a wapampando angamuone osatembenuka. Sanathokoze, anangoti mabatani ali m'kapepala pamwamba, ulusi uzikhala wapawiri, ndisamange mfundo kunja.

Thumbalo n'lolemera. Ndinayesa kulinyamula, msana unakana. Ndinaitana wanjinga.

Chemwali ataliona likulowa anaika manja m'chiuno. "Achimwene, mwaganiza bwino? Mawa ndiye tsiku la a Kadinala. Jekete ndapinda kale manja."

Ndinali ndisanaganize. Ndinkangoganiza za Alito kuti akafike kutchalitchi, osati za ine kuti ndidzakhala kuti. Chipumire ntchito sindinaphonyepo Misa, ngakhale sabata ya maliro. Ndinadikira kuti mwina mtima unena kanthu. Sunanene. Ndinati, "Ndiye choncho," n'kumasula thumba.

Kusita ndimatha, mabatani ayi. Bowo la singano sindiliona, chemwali ndiye akundilowetsera ulusi, akutukwana pang'onopang'ono. Dzuwa likulowa, tinali titamaliza kamulu kochititsa manyazi. Thumba likuoneka ngati sitinaligwire.

Lamulungu, 31 Ogasiti

Tikulemba m'mawa uno, poti chemwali akuti zala zatupa ndi singano, cholembera n'chopepukirako.

Tinayamba kutangocha. Malaya ali patebulo, pasofa, pampando wa malemu. Misa yoyamba yalowa n'kutuluka ife tili pomwepa.

Mwana wanga anafika atavala suti, mapepala ali m'manja. Anaima pakhomo.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Ntchito yapadera."

"Thumba la ndani?"

"Langa. Ndalipempha ndekha."

"Mukufuna kundichititsa manyazi."

Ndinati ndikadafuna zimenezo ndikadalinyamulira kuholo. Ndinati pali kamwana koti kabatizidwe, mayi ake ayenera kukaoneka kutchalitchi, ndiye wina asoke. Basi.

"Siyani. Ndimuuza kapitawo kuti thumba ili asaliwerengere. Valani jekete, nthawi yatha."

Ndinati, "Ili lokha?"

Chemwali anati, "A Kadinala, lowani kapena tulukani, mukutitchingira kuwala."

Analowa. Anatola malaya amodzi pamulu womaliza, n'kukoka batani lomwe ndinasoka ine. Linasololoka n'kugubudukira pansi pa kabati.

"Mwayamba liti?"

"Dzulo masana."

"Anthu awiri?"

"Awiri."

Anayang'ana kamulu kathu, n'kuyang'ana thumba. Anaika mapepala patebulo, analigwira ndi dzanja limodzi, kenako ndi awiri, n'kulikweza mpaka m'mawondo. Analitsitsa pang'onopang'ono. Anati, "Ndinali ndisanalinyamulepo."

Foni yake inalira, anali katekisiti. Anaiyang'ana mpaka inasiya yokha. Anatuluka, anakakhala m'galimoto chitseko chili chotsegula, phazi limodzi lili pansi. Wakhala momwemo nthawi yonse tikulembayi. Ine ndikusita. Belu la Misa yachiwiri lalira kale.

Dikira, akubwera. Lemba zomwe anene.

Akuti, "Amayi ena a matumbawo amakhala kuti?"

Ndati ndi antchito ako, ine sindikudziwa.

Waimbira kapitawo, sakuyankha. Waimbanso. Ayankha monong'ona, kumbuyo kukumveka kwaya.

Akuti, "Mayi, pepani, tulukani kaye. Ayi, si maliro. Mundidikire panja pa tchalitchi. Ndikufuna mundisonyeze makomo omwe kwapita matumba dzulo. Eya, onse."

Chemwali wafunsa kuti nanga kuholo anthu auzidwe chiyani. Mwana wanga wagwada ndi suti yomweyo, akulongedza malaya m'thumba, osokedwa ndi osasokedwa pamodzi. Akuti ndimugwirire pakamwa pa thumbali.

Chemwali, zimitsa simbiyo.